Madzi, Zimbudzi ndi Sopo M'masukulu a Kumidzi



Pamene Sinodi ikumbukira zaka zake, mwambo wake ndiwo kuŵerenga mipingo imene yabadwa, abusa amene adzozedwa, ndi masukulu amene atsegulidwa. Chiŵerengero cha masukulu chimakondweretsa, ndipo nkoyenera kutero, pakuti m'midzi yambiri ya Malaŵi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique sukulu yoyamba inamangidwa ndi mpingo boma lisanafikeko. Koma pali chiŵerengero china chimene sichipezeka kaŵirikaŵiri m'mabuku a chikumbutso. Mwa masukulu onseŵa, ndi angati amene mwana akamva ludzu amapezapo madzi osamdwalitsa? Ndi angati amene ali ndi zimbudzi zokwanira, zokhala ndi chitseko, zoti mtsikana wa Sitandade 7 angaloŵemo wopanda manyazi? Nanga sopo? Sukulu iliyonse ili ndi mwini wake, ndipo kumene mwiniyo ndi Sinodi, mafunso aŵa sangatulidwe pa mutu wa wina.

Nkhani ya zimbudzi si nkhani imene anthu amakonda kuimva pa msonkhano waulemu, komabe njira imene matenda amayendamo iyenera kutchulidwa poyera. Kolera, kamwazi, tayifodi, kutsegula m'mimba ndi njoka zam'mimba zambiri zimachokera ku chinthu chimodzi, ndicho chonyansa chotuluka m'mimba mwa munthu chikafika m'kamwa mwa munthu wina. Chimafikamo pa miyendo ya ntchentche, pa zala zosasamba, m'dothi limene ana amaseŵerapo, ndiponso m'madzi a pachitsime chosavundikira chimene mvula yakokoloreramo za kutchire. Likodzo lili ndi njira yakeyake: mazira ake amatuluka ndi mkodzo kapena ndi chimbudzi, amaswa m'madzi, tizirombo take tiloŵa mu nkhono, ndipo potuluka m'nkhonomo tiboola khungu la mwana amene akusamba kapena kutunga kudambo. Mu 1854 dokotala wa ku London, John Snow, anaŵerenga nyumba za anthu omwalira ndi kolera naona kuti zazungulira mpope umodzi wa mu Broad Street, ndipo akuluakulu a deralo anachotsa chogwirira cha mpopewo. Papita zaka zoposa 170 chichitikire zimenezi.

Ngakhale zili tero, kolera imene inayamba ku Machinga m'mwezi wa Malichi 2022 inafika m'maboma onse a Malaŵi, ndi kupha anthu oposa 1,700. Mu Januwale 2023 boma linachedwetsa ndi masabata aŵiri kutsegulidwa kwa masukulu a m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe. Chaka chotsatira, mu Januwale 2024, boma la Zambia linachita chimodzimodzi m'dziko lonse, ana nakhala kunyumba kufikira mu Febuluwale. Boma likamaopa kuti ana akasonkhana pasukulu afa, ndiye kuti likuvomereza poyera mmene masukuluwo aliri.

Ku Malaŵi vutoli linakula mwadzidzidzi mu 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere. M'chaka chimodzi ana a m'masukulu anakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Anafunika aphunzitsi, anafunika mabuku, anafunika zipinda, ndipo ana ambiri anaphunzirira pansi pa mtengo. Chimbudzi chinakhala chomalizira kuganiziridwa. Bungwe la World Health Organization, m'malangizo ake a 2009 okhudza masukulu a m'madera osauka, linanena kuti pafunika chimbudzi chimodzi pa atsikana 25 alionse, chimbudzi chimodzi ndi pokodzera pamodzi pa anyamata 50, ndi malita 5 a madzi pa munthu aliyense pa tsiku. Mphunzitsi wamkulu aliyense angathe kuŵerenga ana ake ndi zitseko zake, nadziŵa yekha pamene sukulu yake yaima.

Mpata umenewu ndi umene anthu akufuna kwabwino akhala akuyesa kuutseka. Pali mipingo ya kunja imene ili paubale ndi mipingo ya kuno, pali magulu a Rotary, pali ana a sukulu a maiko ena amene amasonkha timakobiri tawo, ndiponso pali ana a m'midzi momuno amene akugwira ntchito ku Johannesburg kapena ku Britain, amene sanaiŵale sukulu imene inawaphunzitsa kulemba dzina. Ena amatumiza ndalama zokha, ena amadzilipirira ulendo nadzagwira fosholo okha. Anthu otere ayenera kuthokozedwa popanda kaduka, pakuti palibe lamulo limene linawakakamiza, ndipo ana ambiri ali moyo lero chifukwa cha iwo. Akulu akale ankati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma akulu omwewo ankatinso mlendo ndi mame. Dzuŵa likakwera, mlendo wapita, ndipo mjigo umatsala ndi iwo amene amamwapo.

Aliyense woyendera masukulu a kumidzi anaonapo mjigo wokhala ndi chikwangwani chokongola cha dzina la wopereka ndi tsiku la mwambo wotsegulira, koma chogwirira chake chili lende, udzu utamera pa simenti, ana akudutsa pomwepo ndi ndowa kupita kumtsinje. Ofufuza amasiyana pa chiŵerengero chenicheni, koma amanena kuti m'maiko a Africa a kumwera kwa Sahara, pakati pa mjigo umodzi mwa isanu ndi umodzi mwa itatu umakhala wosagwira ntchito pa nthaŵi iliyonse. Kaŵirikaŵiri chowonongeka si chinthu chachikulu. Ndi kamphira kamene kanatha, kapena ndodo imene inaduka, zimene mtengo wake ndi wochepa kwambiri pouyerekeza ndi mtengo wokumbira. Chimene chinasoŵa si ndalama zokha, koma munthu wodziŵa kuti ntchitoyo ndi yake. Aphunzitsi amati mjigo ndi wa mudzi, mudzi umati ndi wa sukulu, ndipo onse pamodzi amati ndi wa azungu aja, abwera adzakonze.

Chitsanzo chodziŵika kwambiri cha mphatso yopangidwa mokomera wopereka ndicho mpope wotchedwa PlayPump, umene unachokera ku South Africa. Unali chozungulira choseŵerera ana, cholumikizidwa ku mjigo, kotero kuti ana akamazungulira madzi ankakwera kupita m'thanki lapamwamba. Pa chithunzi palibe chinthu chokongola ngati chimenechi: ana akuseka, madzi akutuluka. Mu 2006 ku America kunalengezedwa thandizo la madola 16.4 miliyoni, ndipo cholinga chinali kuika mipope 4,000 pofika 2010. Umodzi unkadya madola pafupifupi 14,000, ndalama zokwanira kugula mijigo yapamanja ingapo. Mipopeyo inaikidwa pa masukulu ndi m'midzi ya South Africa, Mozambique, Malaŵi, Zambia ndi maiko ena, ndipo m'malo ena anachita kuzula mjigo wapamanja umene unalipo kale. Tsono mwana amaseŵera akafuna, osati pamene mudzi ukufuna madzi. Mu 2009 nyuzi ya The Guardian inaŵerengera kuti, kuti anthu 2,500 amene ankanenedwawo apeze madzi okwanira pa mpope umodzi, ana akanayenera kuzungulira maola 27 pa tsiku. Atolankhani amene anafika ku Mozambique anapeza amayi, ena okalamba, akukankha choseŵereracho ndi manja, ndipo mipope ina itakhala miyezi yambiri yowonongeka popanda woikonza, popeza zipangizo zake sizinkapezeka m'sitolo yapafupi. Mu 2010 bungwe limene linkasonkhetsa ndalama za mipopeyi ku America linasiya ntchitoyo. Opereka aja sanali anthu oipa. Cholakwika chinali chakuti amayi amene amatunga madziwo sanafunsidwe.

Nzeru yopambana imeneyi inali itaoneka kale m'dera lomwelino. Mu 1968, ku Chingale, m'munsi mwa phiri la Zomba, kunayesedwa ntchito yotenga madzi a mumtsinje wa m'phiri ndi kuwatsitsira kumidzi m'mapaipi, popanda injini, madziwo akuyenda okha chifukwa cha kutsetsereka kwa malo. Boma ndi othandiza anapereka mapaipi, simenti ndi amisiri. Anthu a m'midzi anapereka makasu ndi misana yawo. Mafumu anagaŵa mtunda, mudzi uliwonse tsiku lake ndi chigawo chake cha ngalande, ndipo mpope uliwonse unali ndi komiti yake. Ntchitoyo itaoneka kuti yatheka inafalikira ku Mulanje ndi ku Phalombe, kenaka kumaboma ena, ndipo anthu mazana a zikwi anamwa madzi a m'mapaipi amene anakwirira okha. Bungwe la mipingo la Christian Service Committee linali pakati pa othandiza ntchitoyi, ndipo anthu a maiko ena ankabwera kudzaphunzirako.

Komabe nkhani ya ku Chingale ndi ku Mulanje isakambidwe ngati nthano yothera pabwino pokha. Mu 2000 mayi wina wofufuza, Elizabeth Kleemeier, anasindikiza zimene anapeza atayendera ntchito 12 zotere patapita zaka chizimangidwire. Anapeza kuti ntchito zing'onozing'ono ndi yatsopano zinali kuyenda bwino, koma m'zikuluzikulu mipope yambiri inali youma. Makomiti ankatha kumanga paipi yobooka kuti madzi ayambenso kutuluka, koma sankatha kukonzeratu chinthu chisanawonongeke, ndipo zowonongeka zazikulu zinkawakulira. Apa pali chenjezo kwa iwo amene amaganiza kuti akakhazikitsa komiti ndiye kuti atha. Kukumba pamodzi kumabala umwini, koma umwiniwo umafuna wina woima kumbuyo kwake, woyendera, wosunga zipangizo, ndi wobwera pamene vuto lakula. Pa sukulu ya mpingo, woima kumbuyoyo ndi Sinodi pamodzi ndi ofesi ya zamadzi ya boma.

Mjigo umene uli pa masukulu ambiri lero, wotchedwa Afridev, unabadwa chifukwa cha ganizo lomweli. Unayambira ku Malaŵi kumayambiriro a zaka za m'ma 1980 ndi dzina lakuti Maldev, unayesedwa m'chigwa cha Livulezi ku Ntcheu, ndipo unakonzedwanso ku Kenya. Anaupanga dala kuti anthu aŵiri kapena atatu a m'mudzi, amayi kapena abambo, athe kuutsegula ndi sipanala imodzi, kutulutsa ndodo zake ndi manja, kusintha timphira ndi timapulasitiki totha msanga, ndi kuubwezera tsiku lomwelo. Mjigo wotere ukafa chifukwa cha kamphira, sunafe ndi matenda, wafa ndi kusasamala.

Pakati pa ntchito zoyendetsedwa ndi zopereka za anthu wamba, imodzi yoyenera kuiphunzira ndi ya bungwe la Marion Medical Mission, la m'tauni ya Marion ku Illinois, limene mu 1990 linayamba kumanga zitsime zosazama zotetezedwa ku Embangweni, mogwirizana ndi Sinodi ya Livingstonia, ndipo pambuyo pake linafika ku Zambia ndi ku Tanzania. Zitsime zake zambiri ndi za m'midzi, osati za pasukulu, koma kagaŵidwe ka ntchito ndiko kofunika. Mudzi umakumba dzenje, umaumba ndi kuwotcha njerwa, umatuta mchenga ndi miyala. Bungwe limapereka zokhazo zimene mudzi sungapange, ndizo simenti, paipi ndi mpope, ndipo mmisiri womanga ndi munthu wa m'dera lomwelo. Mudzi umalonjeza kusonkha kangachepe chaka ndi chaka kuti wokonza azifika ndi zipangizo. Odzipereka ochokera ku America amafika m'chilimwe, ndipo nyengoyi sinasankhidwe chifukwa cha misewu yokha. Chitsime chokumbidwa m'dzinja chimanamiza, pakuti madzi amakhala pafupi, ndipo pofika Okutobala chimauma. Chokumbidwa madzi atatsikitsitsa ndicho chimapirira chaka chonse. Zitsime zomangidwa m'njira imeneyi zafika zikwi makumi angapo.

Madzi amapeza opereka msanga. Chimbudzi sichitero, ndipo chifukwa chake nchosavuta kuchiona: palibe amene amafuna kuti dzina la malemu mayi ake lilembedwe pa khoma la chimbudzi, ndipo mlendo wolemekezeka sakonda kudula riboni pamenepo. Chikhalirecho mjigo wopanda chimbudzi uli ngati kukolopa m'nyumba denga likudontha.

Luso lake lilipo, ndipo linachokera m'dera lomwelino. M'zaka za m'ma 1970 Peter Morgan, akugwira ntchito pa Blair Research Laboratory mu mzinda umene lero ndi Harare, anakonza chimbudzi chimene anthu a ku Zimbabwe amangochitcha Blair. Dzenje limavundikiridwa ndi simenti, ndipo kuchokera m'dzenjemo paipi imakwera kupitirira denga, kukamwa kwake kotchingidwa ndi sefa. Mphepo yowomba pamwamba pa paipiyo imakoka mpweya wonunkha kuchokera m'dzenje. M'kati mwa kanyumbako mumasungidwa kamdima, kotero kuti ntchentche zoswedwa m'dzenje zimatsata kuŵala kwa kupaipi, zikodwa pa sefa, ndi kufera pomwepo. Poyesa mu 1975, kwa masiku 78, m'chimbudzi chopanda paipi munagwidwa ntchentche 13,953, pamene m'chokhala ndi paipi munagwidwa 146 zokha. Mu 2013 Morgan analandira mphotho ya Stockholm Water Prize. Koma nzeru yonseyi imagona pa kasefa kaja. Kakachita dzimbiri nkubooka, paipi ija imasanduka khomo la ntchentche, ndipo pa masukulu ambiri palibe amene anakwerapo kukayang'ana chimangire. Dzenje nalonso liyenera kutalikira chitsime mamita 30 kapena kuposa, kumunsi kwake osati kumtunda, ndipo pa dothi lamchenga liyenera kumangiridwa njerwa m'kati, apo ayi mvula yoyamba yamphamvu imaligwetsa.

Chomangidwa chokha sichichiritsa. Kumadzulo kwa Kenya, m'chigawo cha Nyanza, ofufuza anayeza manja a ana a sukulu, ndipo zimene anasindikiza mu 2012 zinadabwitsa ambiri. Pa masukulu amene analandira zimbudzi zatsopano, tizirombo ta m'chimbudzi tinachuluka pa manja a ana kuposa kale. Ofufuzawo anaganiza kuti ana anayamba kudzithandizira pasukulu mochuluka, koma sopo, madzi osamba ndi chodzipukutira sizinalipo mokwanira. Ndiye kuti mphatso yatheka ingathe kuonjezera ngozi imene inabwera kudzachotsa. Pamene pali phala la pasukulu nkhaniyi ikulirakulira, pakuti dzanja lomwelo lichoka kuchimbudzi ndi kupita ku kapu.

Chida chosambira m'manja sichifuna wopereka wa kutsidya la nyanja. Mpondagiya ndi kachigubu koboola, komangirira pa mtengo wopingasa, kokhala ndi chingwe ndi kamtengo kopondapo, kotero kuti madzi amatsika munthu osagwira kanthu. Ana a Sitandade 5 angaupange m'maŵa umodzi. Chovuta ndi sopo, chifukwa sopo amatha, amabedwa, ndipo mbuzi nazo zimamudya. Palibe wopereka amene angagule sopo wa sukulu kwa zaka makumi aŵiri. Masukulu ena amasungunula sopo waufa m'botolo la madzi kuti akhalitse ndi kuti asabedwe, ena amaika phulusa pamene sopo wasoŵeratu. Njira iliyonse imene yasankhidwa, sopo ayenera kulembedwa m'ndondomeko ya ndalama za sukulu pamodzi ndi choko.

Za atsikana ziyenera kunenedwa mwaulemu koma mosabisa. Mtsikana akatha msinkhu amafuna malo otseka, okhala ndi madzi, osiyana ndi a anyamata ndipo osayang'anana nawo khomo, kumene angadzisamalire pa masiku ake a kumwezi. Malo otere akasoŵa amakhala kunyumba, ndipo safotokozera mphunzitsi wamwamuna chifukwa chake. Masiku ojomba akachuluka amatsalira m'maphunziro, ndipo wotsalira sachedwa kumva mawu a amene akumuuza kuti akwatiwe. Komiti ya abambo okhaokha ikakhala pansi kusankha malo a zimbudzi, zimenezi siziganizidwa. Magulu a amayi osamalira atsikana amene ali pa masukulu ambiri a ku Malaŵi, pamodzi ndi amayi a Chigwirizano, a Mvano ndi a Umanyano, ndiwo amadziŵa pamene chitseko chiyenera kuloza, ndipo ayenera kufunsidwa msuweni wa mmisiri asanakhome chikhomo choyamba. Mwana wolumala naye akumbukiridwe: khomo lotakata, potsetsereka m'malo mwa masitepe, ndi chogwirira pakhoma zimaonjeza pang'ono pa mtengo zikaikidwa pomanga, koma kuziika pambuyo pake kumafuna kugumula.

Tsono wopereka akalembera Sinodi kuti ali ndi ndalama za madzi pa sukulu yakutiyakuti, kalata yothokoza isatsogole yokha. Nkoyenera kuti abusa a pamalopo, mphunzitsi wamkulu, komiti ya sukulu, mafumu ndi mlangizi wa zaumoyo ayambe akhala pansi ndi kulemba pangano. Panganolo linene ngati mudzi udzatunga nawo pa mjigo wa sukulu, ndipo ngati udzatero, banja lililonse lidzasonkha zingati ndi kwa yani, popeza apa ndi pamene mikangano yambiri imayambira. Linene amene adzasesa zimbudzi, ndi kuti kusesako kudzakhala kwa kalasi iliyonse mosinthana, anyamata ndi atsikana omwe, osati chilango cha mwana wochedwa, pakuti mwana amene anaphunzira kuti chimbudzi ndi chilango sadzamanga chake akadzakula. Wopereka apemphedwe mosaopa kuti gawo la mphatso yake lipite ku zimbudzi, ku maphunziro a okonza mjigo ndi ku zipangizo za zaka zoyamba, ngakhale zimenezo zilibe poika chikwangwani. Ambiri akafotokozeredwa amavomera, chifukwa nawonso safuna kudzapeza mphatso yawo itafa.

Pomaliza pa panganolo palembedwe maina a anthu atatu amene aphunzitsidwa kutsegula mjigo, ndipo aŵiri mwa iwo akhale anthu okhazikika m'mudzi, popeza mphunzitsi amasamutsidwa. Palembedwe nyumba imene sipanala idzasungidwe, sitolo yapafupi yogulitsa timphira, ndi mwezi umene chaka ndi chaka mjigo udzatsegulidwa ndi kusinthidwa zotha, ngakhale ukutulutsa madzi bwinobwino. Mlembi wa zamaphunziro wa Sinodi asunge pepala limodzi, lina likhale ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu, ndipo poyendera sukulu, atatha kuona kaundula wa ana, apemphe kuperekezedwa kuseri kwa makalasi.